Shiraz wa Cabernet, wa Viognier kapena GSM: mugule uti?

Anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi mwezi uno wokha: pa mabotolo onse a vinyo olembedwa Shiraz kenako dzina lina pambali pake, agule liti? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi n'kamodzi. Zoti Shiraz ndi Syrah ndi mphesa imodzi, ndipo kwawo ndi kuchigwa cha Rhône ku France, osati kumzinda wa Shiraz ku Iran, ambirinu mukuzidziwa kale. Ine ndikamba za mitundu itatu yosakaniza Shiraz ndi mphesa zina imene ndamwa kangapo, ndipo ndivomereretu kuti umodzi mwa iyo ndili nawo mangawa.

Musanafike pa kakomedwe, werengani dongosolo la mayina pa lebulo. Pa vinyo wa ku Australia, mphesa yotchulidwa koyamba ndi imene yachuluka. Shiraz Cabernet si chimodzimodzi ndi Cabernet Shiraz. Komanso botolo lolembedwa Shiraz yekha silitanthauza kuti mulibe china: ku Australia, ku South Africa ndi ku Ulaya lamulo limangofuna kuti mphesa yotchulidwayo ifike 85 peresenti, ku America 75 peresenti. Zotsalazo akhoza kuthiramo osakuuzani.

Shiraz wa Cabernet ndilibe naye mlandu. Ndi msakanizo umene Australia amanyadira nawo, ndipo vinyo wotchedwa Penfolds Bin 389, amene pa lebulo yake Cabernet amatchulidwa koyamba, wakhala akupangidwa kuyambira 1960. Cabernet amapereka msana, Shiraz amadzaza mnofu. Vuto lake n'loti akakhala wamng'ono amaumitsa m'kamwa ngati wamwa tiyi wowiritsa kwambiri, nkhama kuchita kugwirana ndi milomo. Mutsekuleni ola limodzi musanamwe, kapena musungeni zaka zingapo. Ngati ndinu wopupuluma, si wanu.

Tsopano wa Viognier, mwini mangawa uja.

Botolo limene ndinagula linali lolemera ngati mwala, pansi pake pali dzenje loti chala chonse n'kulowa, kutsogolo atamatapo timamendulo tagolide titatu. Ndinalipira zoposa zimene ndimalipira nthawi zonse, ndikudziuza kuti alendo anga aone. Nditatsekula, fungo linatuluka lokha osadikira kupukusa galasi: maluwa, maapurikoti akupsa. Aliyense anagwedeza mutu, inenso mtima m'malo. Galasi loyamba linatsika bwino. Lachiwiri ndi limene linaulula zonse. Fungo la maluwa lija linasanduka la mafuta odzola, lilime linayamba kumata ngati ndanyambita jamu, ndipo pakhosi panatentha. Nditatembenuza botolo ndinapeza mowa wake ndi 15 peresenti. Mlendo wina anasiya galasi lake lili theka n'kupempha madzi mwaulemu, ine maso pansi.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti lingaliro losakaniza mphesa ziwirizi ndi labwino. Viognier ndi mphesa yoyera. Ku Côte-Rôtie, kumpoto kwa Rhône, lamulo limalola kuthiramo mpaka 20 peresenti, koma alimi ambiri amangoponyamo pang'ono, nthawi zambiri osapitirira 5 peresenti, ndipo mphesa zonse ziwiri amazifulira pamodzi m'thanki imodzi. Zikawira limodzi choncho, Viognier amakweza fungo, amafewetsa kukhakhala, ndipo chodabwitsa n'choti amathandiza kuti kufiira kwa vinyo kukhazikike ngakhale iye ndi woyera. Ku Australia, munda wa Clonakilla pafupi ndi Canberra unayamba kuchita zimenezi mu 1992 ndipo unatchuka nazo. Ukamwa wopangidwa bwino sumva Viognier payekha. Umangomva kuti Shiraz wapepuka. Wanga uja Viognier ndi amene ankalankhula, Shiraz atakhala chete pakona. Mphesa zinapsa mopitirira, dzanja lothira linalemera, ndipo pamwamba pake anaunjikapo fungo la vanila lochokera ku migolo ya mtengo wa thundu kuti abise zofooka.

Nanga mamendulo aja? Mwini vinyo amalipira kuti botolo lake lilowe mumpikisano, ndipo mipikisano yambiri sipereka golide kwa mmodzi yekha ngati pa liwiro. Aliyense wofika pa malikisi oikika amalandira. Oweruza amalawa mavinyo ambirimbiri tsiku limodzi, kakamwa kamodzi n'kulavula, ndiye vinyo waphokoso ngati wanga uja amaonekera msanga. Palibe woweruza amene anakhala naye mpaka galasi lachiwiri. Ndalama ya mpikisanoyo, ya timapepala tagolide, ndi ya botolo lolemeralo, yonse inadzagwera ine pogula.

Chinanso chimene ndinasowa m'botolomo ndi tsabola. Shiraz weniweni, makamaka wa kumadera ozizirirapo, amakhala ndi kafungo ka tsabola wakuda. Kamachokera ku kanthu kotchedwa rotundone, kamene akatswiri a ku Australian Wine Research Institute anakalengeza mu 2008, ndipo ndi komwe kali mu tsabola weniweniyo. Anapezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse sakamva n'komwe. Ndiye mnzanu akamati sakumva tsabola aliyense, musamunene kuti sadziwa vinyo, mwina mphuno yake ndi imene inabadwa choncho. Yanga imamva, ndipo ndikapanda kukapeza ndimaona ngati andigulitsa dzina lokha.

GSM ndi kumene ndimabwerera. Zilembozo ndi Grenache, Shiraz ndi Mourvèdre, amene ku Australia amamutchanso Mataro, ku Spain Monastrell. Msakanizowu ndi wa kum'mwera kwa Rhône, koma mudzaupezanso kuchokera ku Barossa ndi ku McLaren Vale ku Australia, komanso ku Swartland ku South Africa. Grenache ndi wofiira mopepuka, wofewa, wa fungo la sitiroberi. Mourvèdre amabweretsa fungo la dothi ndi chikopa, komanso kukhakhala pang'ono kumapeto. Shiraz amadetsa mtundu n'kuika tsabola pakati. Palibe amene amapondereza mnzake, ndipo botolo lotsika mtengo la GSM silinandichititsepo manyazi ngati lodula lija.

Ali ndi zofooka ziwiri. Choyamba, Shiraz pano ndi wachiwiri, ndiye ngati mukufuna kuti atsogolere, fufuzani lebulo yolembedwa SGM kapena SMG. Chachiwiri, Grenache amakonda dzuwa ndipo amakweza mowa, moti 14.5 peresenti si zachilendo. Mukamwa GSM ali wofunda, mudzamva moto womwe uja pakhosi. Amafuna madigiri 16 mpaka 18, kutanthauza mphindi 20 m'firiji ngati kwatentha. Ndikudziwa kuti pano ndikukhululukira GSM tchimo lomwe ndadzudzulira mnzake. Kusiyana kwake n'koti GSM akazizira amakonzeka, pomwe wa maluwa uja ndinamuika m'firiji usiku wonse, mawa lake n'kumupeza adakali mafuta odzola, ozizira chabe.

Pa za kusunga, Cabernet ndiye amapirira zaka.

Ndiye inu atatu munandifunsa aja: amene mukufuna botolo lotsekula lero madzulo, tengani GSM kapena SGM. Amene muli ndi malo ozizira ndi mtima wodikira, tengani wa Cabernet. Wa Viognier mugule pokhapokha mowa wake uli 14 peresenti kapena kutsika apo, ndipo lebulo yakumbuyo ikunena kuti anafulira pamodzi. Ine sindinagulenso kuyambira tsiku lija. Botolo lake ndidakali nalo, ndimachirikizira chitseko kukakhala mphepo.