Maphunziro a utsogoleri wotumikira: Nehemiya alimo, ovota akusowamo

Maphunziro omwe ndikuunika pano amaperekedwa pa intaneti ndi bungwe lina la mipingo, ndipo cholinga chake ndi kuthandiza aphungu, makhansala ndi ena onse amene anakhala pampando chifukwa cha mavoti kuti aziona udindo wawo ngati utumiki umene adzayankhire pamaso pa Mulungu. Wolembetsa amalandira makanema aafupi, timabuku towerenga pafoni, komanso mwayi wokambirana ndi ophunzira anzake kamodzi pa sabata motsogoleredwa ndi mbusa. Khomo ndi lotsegukanso kwa anthu wamba, ndipo ine ndinalowa monga wovota wofuna kumva zimene atsogoleri amauzidwa akakhala pamodzi ndi azibusa. Mawu amamveka bwino, ndipo amene intaneti yake ndi yofooka akhoza kutsitsa mawu okha popanda kanema, zomwe ndi zoyamikika.

Phunziro lopambana onse ndi la Nehemiya, ndipo likanakhala lokhali ndikanalimbikitsabe anthu kulembetsa. Ambiri timamudziwa Nehemiya monga womanga linga la Yerusalemu, koma mphunzitsi akudutsa msanga pa lingalo n'kukaima pa mutu 5, pamene anthu osauka akudandaula kuti apinyolitsa minda yawo kuti alipire msonkho wa mfumu, ndipo ana awo akutengedwa ukapolo ndi abale awo omwe. Pamenepo akuonetsa kuti kwa zaka 12 zimene Nehemiya anali bwanamkubwa wa Yuda pansi pa mfumu ya Perisiya, iye sanalandire chakudya chimene lamulo linkapereka kwa bwanamkubwa, pamene amene analipo iye asanabwere ankatenga kwa anthu chakudya, vinyo ndi masekeli 40 a siliva, ngakhale antchito awo omwe ankapondereza anthu. Komabe patebulo pake pankadya anthu 150, ndipo tsiku lililonse ankapha ng'ombe imodzi ndi nkhosa 6 zonona, osasenzetsa anthu mtolo wa ndalama zake. Mfundo imene mphunzitsi akukhomerera ndi yakuti Nehemiya sanakane kuba, pakuti kuba n'koletsedwa kale, koma anakana chinthu chimene chinali chake mwalamulo, chifukwa anaona kuti anthu alemedwa ndiponso chifukwa ankaopa Mulungu. Kenako akufunsa ophunzira kuti alembe mndandanda wa alawansi, galimoto ndi maulendo amene udindo wawo umawapatsa, n'kuchongapo chimodzi chimene angachisiye chaka chino. Pa zokambirana za sabata imeneyo makamera ambiri anali ozimitsa, ndipo mbusa anafunsa funsolo kawiri asanayankhidwe.

Nkhani ya Rehobowamu yakambidwanso mwaluso, makamaka uphungu wa akuluakulu wakuti akakhala mtumiki wa anthu lero, iwo adzamutumikira masiku onse, ndi mmene anausiyira n'kumvera anyamata amene anakula nawo, mpaka mafuko 10 anamupandukira. Munda wamphesa wa Naboti, mawu a Natani kwa Davide ndi chenjezo la Ezekieli 34 kwa abusa odzidyetsa okha zonse zilimo, ngakhale zadutsidwa mothamanga. Ndinakondwa kuona kuti okonza maphunzirowa sanadzitsekere m'chikhristu mokha, pakuti atchulanso zimene Abu Bakr anauza Asilamu atasankhidwa kukhala mtsogoleri wawo mu 632, kuti iye sanali woposa onse, choncho akachita bwino amuthandize ndipo akalakwa amuwongole. Pa maphunziro onse, awa ndiwo mawu amene afika pafupi kwambiri ndi moyo wa mtsogoleri wosankhidwa, n'chifukwa chake zimandidabwitsa kuti apatsidwa mphindi zochepa chabe.

Vuto lalikulu lagona pomwepa. Pafupifupi zitsanzo zonse ndi za mafumu ndi abwanamkubwa, anthu amene anadzozedwa ndi mneneri, kulowa ufumu wa atate awo kapena kuikidwa ndi mfumu ina, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anayendapo khomo ndi khomo kupempha voti. Phungu ndi wosiyana ndi Davide chifukwa mpando wake ndi wobwereka kwa anthu, uli ndi tsiku lobweza, ndipo anaulandira atalonjeza zinthu zimene zinalembedwa ndi kumvedwa. Maphunzirowa amanena zambiri za kuyankha kwa Mulungu pa tsiku lomaliza, koma sanena kanthu za kuyankha kwa ovota mwezi uno, ngati kuti ziwirizi sizikhudzana. Mulibe phunziro la malonjezo a pa kampeni, ngakhale Yesu anati inde wa munthu akhale inde. Mulibe za kuulula chuma chimene munthu ali nacho polowa ndi potuluka pa udindo, pamene Samueli anaima pamaso pa Aisraeli onse n'kuwafunsa ngati anatengapo ng'ombe kapena bulu wa munthu, kapena kulandira chiphuphu kwa wina aliyense. Ndime imeneyi, ya 1 Samueli 12, sikupezeka n'komwe m'timabuku tawo.

Chitsanzo cha William Wilberforce chikuonetsa bwino kusowekaku. Iye yekha ndiye phungu weniweni wotchulidwa m'maphunzirowa, anasankhidwa mu 1780, ndipo anamenya nkhondo kwa zaka pafupifupi 20 mpaka Nyumba ya Malamulo ya Britain inathetsa malonda a akapolo mu 1807. Kanema wake akukamba kwambiri za kutembenuka mtima kwake ndi mapemphero ake, zomwe ndi zoona, koma sakunena kuti chikhulupirirocho chinagwira ntchito kudzera m'mabilu amene ankagonja n'kubwezedwanso, m'maumboni osonkhanitsidwa movutikira, ndi m'kunyengerera aphungu anzake mmodzimmodzi. Khansala amene waonera kanemayu amachoka atatenthedwa mtima, koma sadziwa chochita akakhala mu komiti ya zachuma.

Phunziro la Aroma 13 ndilo linandikhumudwitsa. Mphunzitsi akutsindika kuti ulamuliro umachokera kwa Mulungu, mawu amene atsogoleri amakonda kale kuwamva, koma sakuima mokwanira pa vesi 4, pamene wolamulira akutchedwa mtumiki wa Mulungu wochitira anthu zabwino. Pa zokambirana, khansala wina anafunsa moona mtima kuti, “Abusa, kodi ndi tchimo kupereka kontirakiti ya boma kwa mlamu wanga, ngati ntchito amaidziwa ndipo chakhumi amapereka mokhulupirika?” Mbusa anayankha kuti, “Olemekezeka, nkhani imeneyo tiyeni tiipempherere kuti Ambuye akuunikireni.” Funsolo linali ndi yankho lachidule, lakuti mwini nkhani aulule ubalewo ndi kutuluka m'chipinda pamene anzake akusankha, ndipo mbusa amene amaphunzitsa za Eliya ndi Ahabu sanayenere kuzengereza kulinena. Ndikuganiza kuti mawu akuti “Olemekezeka”, amene ankabwerezedwa kwa wophunzira aliyense wa udindo, anachititsa kuti aphunzitsi aiwale kuti m'kalasi muja iwo ndiwo anali akulu.

Pamapeto pamakhala mayeso osankha yankho lolondola pa mayankho anayi, ndipo wokhoza amalandira satifiketi yokongola yokhala ndi dzina lake. Mayesowo ndi osavuta, moti munthu amene sanaonereko kanema koma anakulira mu Sande sukulu akhoza kukhoza, ndipo ndikuopa kuti satifiketi zimenezi tidzaziona zikuzunguzidwa m'mwamba pa misonkhano ya kampeni. Okonza maphunzirowa akanachita bwino kupereka satifiketi kwa yekhayo amene waitanitsa msonkhano wa anthu a m'dera lake, wawerenga pamaso pawo ndalama zimene zinabwera ndi mmene zinagwirira ntchito, ndipo walola kufunsidwa mafunso. Kwa khansala kapena phungu watsopano amene akuganiza zolembetsa, ndinganene kuti alembetse, aonere phunziro la Nehemiya pamodzi ndi mlembi wake wa zachuma, ndipo pa zokambirana afunse mbusa chifukwa chimene 1 Samueli 12 inasiyidwira.