socat, ser2net kapena netcat: ndi iti ingasiyidwe yokha magetsi akathima?

Tinene kuti muli ndi inveta ya sola kapena sikelo ya khofi m'nyumba yosungiramo katundu ku Luwinga, ndipo mukufuna kuwerenga manambala ake muli mu ofesi m'tauni. Chingwe cha RS-232 sichidalirika chikapitirira mamita 15, choncho mumaika kakompyuta kakang'ono ka Linux kotchedwa Raspberry Pi pambali pa chipangizocho n'kulumikiza ndi adaputa ya USB. Chatsala ndi pulogalamu yonyamula zotuluka pa /dev/ttyUSB0 (dzina lomwe Linux imapatsa adaputayo) kupita nazo pa netiweki.

netcat tithane nayo msanga. Siidziwa chilichonse cha serial (kulankhulana kwa pa chingwe ngati cha RS-232), moti liwiro la chingwecho mumayamba mwaliika nokha:

stty -F /dev/ttyUSB0 9600 raw -echo
nc -l 4001 < /dev/ttyUSB0 > /dev/ttyUSB0

Lamuloli ndi la netcat ya OpenBSD. netcat yachikale imafuna -l -p 4001. Wolumikiza akangochoka, nayonso yatseka. Ndi yabwino poyesa ngati doko la netiweki (pano 4001) likufikika, basi.

Mpikisano weniweni uli pakati pa socat ya Gerhard Rieger ndi ser2net ya Corey Minyard. socat imalumikiza mbali ziwiri zilizonse pa mzere umodzi. Pa Pi paja:

socat TCP-LISTEN:4001,reuseaddr FILE:/dev/ttyUSB0,b9600,raw,echo=0

Mukaiwala raw ndi echo=0, Linux imasintha zilembo zothera mzere n'kumabwezera chipangizocho mawu ake omwe, ndiye mudzataya tsiku mukuganizira chingwe. Ku ofesi, ngati pulogalamu yanu imangodziwa kutsegula serial, socat imaipangira doko longoyerekeza:

socat PTY,link=/tmp/ttyV0,raw,echo=0 TCP:192.168.1.20:4001

Ntchito yaikulu ya ser2net ndi ya mbali ya chipangizo. Mukawonjezeranso -x, socat imakuonetsani baiti iliyonse ikudutsa ndi komwe ikulowera. Pofufuza vuto, palibe yoiposa.

Koma isiyeni yokha sabata imodzi muone. Lamulo loyamba la socat lija limatha wolumikiza akachoka, ndiye ambiri amawonjezera fork. Fork imabala socat yatsopano kwa aliyense wolowa, ndipo awiri akamawerenga doko limodzi la serial amalandana mabaiti, aliyense n'kulandira theka la uthenga. Mukaika max-children=1 kulandanako kumatha, koma pamabwera china. Magetsi a ESCOM akathima ku ofesi, kompyuta imazima osatsanzika, ndipo Pi, yomwe ili pa batire, imaganiza kuti mnzake adakalipo. Malo amodzi aja amakhala ngati mpando wa minibasi womwe munthu wasiyapo chikwama n'kupita. Linux siifunsa ngati mnzake ali moyo pokhapokha mutayatsa keepalive, ndipo ngakhale mutatero imayamba yadikira masekondi 7200. Muyenera kulemba keepalive,keepidle=30,keepintvl=10,keepcnt=3, kenako n'kulembanso fayilo ya systemd (yomwe imadzutsa mapulogalamu pa Linux) kuti Pi ikayaka socat idzuke nayo, yokhala ndi Restart=always kuti ikatseka idzukenso.

ser2net inapangidwira zimenezi. Mukaiika ndi apt, lamulo loikira mapulogalamu pa Pi, imabwera ndi sevisi yake kale, ndipo kuyambira mtundu wa 4 makonzedwe amakhala mu /etc/ser2net.yaml:

connection: &sikelo
  accepter: tcp,4001
  connector: serialdev,/dev/ttyUSB0,9600n81,local
  options:
    kickolduser: true

Mzere womalizawo umachotsa wolumikiza wakale watsopano akafika, nkhani ya chikwama ija yathera pomwepo. Chenjerani ndi malangizo akale olemba zonse pa mzere umodzi mu ser2net.conf: amenewo ndi a mtundu wa 3. Ndipo YAML imakana Tab, gwiritsani ntchito mipata.

Chinanso chomwe socat siingathe ndi RFC 2217, njira yolola kompyuta yakutali kusintha liwiro ndi kugwedeza mawaya a DTR ndi RTS. Mu ser2net mumalemba accepter: telnet(rfc2217),tcp,4001, ndipo pyserial, chida cha serial cha Python, imalowa ndi rfc2217://. Koma musalozetse pulogalamu wamba ku doko la telnet: kumeneko baiti ya 0xFF ili ndi tanthauzo lapadera, uthenga umafika utapindika.

Pali mavuto ena omwe sasankha pulogalamu. Mukakhala ndi maadaputa awiri, ttyUSB0 ndi ttyUSB1 atha kusinthana mayina Pi ikayakanso, choncho tengani dzina la mu /dev/serial/by-id. Maadaputa otchipa a CH340 alibe nambala yowasiyanitsa, ndiye awiri ofanana amafuna /dev/serial/by-path. Mayina a kumeneko ali ndi makoloni, ndipo socat imaona koloni ngati malire a mawu. Pangani dzina lalifupi ndi ln -s kapena lamulo la udev, yomwe imapatsa zipangizo mayina pa Linux. Mukaona Permission denied, lowani m'gulu la dialout, musathamangire sudo.

Za Modbus, zomwe mainveta ndi mamita ambiri amalankhula, pafunika kumvetsa. Modbus RTU imadziwa kuti uthenga watha pakakhala bata la zilembo zitatu ndi theka, pafupifupi mamilisekondi 4 pa 9600. TCP siisunga bata limenelo: imadula ndi kuphatikiza mmene yafunira, makamaka pa intaneti ya foni. Kuyatsa nodelay, yoletsa TCP kudikira kuti mabaiti achuluke, kumathandizako pang'ono. Ndipo socat kapena ser2net sizisandutsa RTU kukhala Modbus TCP ya pa doko 502. Imeneyo ndi ntchito ya mbusd.

Pi ikakhala pa rauta ya Airtel kapena TNM, kawirikawiri simungaiimbire kuchokera kunja chifukwa adiresi yake ndi yogawana ndi anthu ena. Iyambe ndi Pi kutuluka, kudzera pa WireGuard (pulogalamu ya VPN) kapena ssh -R yosungidwa ndi autossh, ndipo ser2net izimvera pa localhost (mkati mwa Pi momwemo) kapena pa adiresi ya WireGuard yokha. Doko la tcp lopanda chotchinga silifunsa mawu achinsinsi, ndipo inveta yomwe imawerengeka patali imathanso kusinthidwa makonzedwe patali.