E-Z-est amayeretsa siliva msanga, koma si khobidi lililonse loyenera kuviikamo

Mankhwala a E-Z-est amagulitsidwa m'kabotolo ka kukamwa kwakukulu, ndipo ntchito yake amaigwiradi: khobidi lasiliva lothimbirira limayera m'masekondi awiri kapena atatu. Muli asidi ndi thiourea, zomwe zimasungunula kuda kobwera siliva akakumana ndi sulufule wa mumpweya. Vuto lagona poti kudako si litsiro lokhala pamwamba. Ndi siliva yemweyo amene wasintha, choncho mukaviika mwadyako khungu la khobidilo.

N'chifukwa chake muyambe mwaona giredi, nambala yosonyeza mmene khobidi lasungikira. Makampani a PCGS ndi NGC amayeza makobidi pa sikelo ya Sheldon, yoyambira 1 kufika 70. Khobidi lomwe silinayende m'manja limapeza MS60 mpaka MS70, loperepeseka pang'ono pamalo otumphuka ndi AU50 mpaka AU58, ndipo lomwe linayendayenda limagwera ku XF, VF kapena kutsikirapo. E-Z-est ndi wa makobidi a MS ndi AU yapamwamba okha, omwe ali ndi mawanga oipa koma kunyezimira kwawo kwa kufakitale kukadalipo. Mukapendeketsa khobidi lotere pansi pa babu imodzi, kuwala kuzizungulira ngati masipoko a njinga. Kuwalako kumachokera ku timizere tosaoneka ndi maso tomwe chitsulo chinapanga podindidwa, ndipo asidi akatidya sitibwereranso. Khobidi la VF loviikidwa limangoti mbuu, ndipo oyeza amalibweza ndi chizindikiro cha Details, Cleaned (kutanthauza kuti linatsukidwa), popanda nambala. Ogula amatsitsa mtengo nthawi yomweyo.

Onaninso chaka kuti mudziwe kuchuluka kwa siliva m'khobidimo. Ndalama za ku Britain zinali ndi siliva 92.5 pa 100 chisanafike chaka cha 1920, theka kuyambira 1920 mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 mulibe siliva. Za ku South Africa, zomwe zimapezekabe m'mabokosi a agogo omwe anapita ku Joni, zinali ndi 80 pa 100 mpaka 1950. Makobidi a kopa musawayandikitse n'komwe: amasanduka apinki, ndiponso amaipitsa mankhwala otsalawo.

Ngati khobidi likuyeneradi, valani magolovesi ndipo tsekulani mawindo. Yambani mwalinyika mu acetone weniweni kwa mphindi zingapo, osati wochotsera kyutekisi chifukwa muja muli mafuta ndi zonunkhiritsa. Nthawi zambiri pamenepa ntchito yatha kale, makamaka ngati vuto linali zobiriwira zomata zochokera ku mapulasitiki ofewa a PVC, popeza acetone sadya siliva. Mukafuna kupitiriza, thirani E-Z-est m'kapu yagalasi, musakanize theka ndi theka ndi madzi a distilled (otchezedwa, opanda mchere uliwonse). Gwirani khobidi m'mphepete ndi chopanira chapulasitiki, viikani masekondi awiri, tulutsani. Tsukuluzani pampopi kwa mphindi yathunthu, kenako m'madzi omwe mwasungunuliramo soda wophikira mpaka osatsala ntchenga, pomaliza m'madzi a distilled. Liikeni pansalu yofewa liume lokha. Osapukuta. Kupukuta ndiko kumasiya timikwingwirima tomwe galasi lokulitsa kasanu limationetsa poyera, ndipo phulusa, mchenga kapena mankhwala otsukira mano zimaononga kuposa apo.

Ambiri amalakwitsa potsukuluza. Mankhwala otsalira m'makona a zilembo amatulutsa mawanga a bulauni pakapita masabata. Enanso amabwereza kuviika pofuna kuchotsa kuda kwa bii, osadziwa kuti pansi pake chitsulo chinadyeka kale. Chimatsala ndi khobidi lotuwa, lopanda moyo. Ndipo kuthimbirira kwina, kwa mitundu ya buluu ndi golide, osonkhanitsa makobidi amakulipira ndalama zoonjezera.

Pa makobidi wamba omwe mtengo wake ndi wa siliva basi, botololi ndi lothandiza ndipo limakhalitsa. Khobidi losowa musaliviike nokha. Litumizeni momwe lilili ku NGC, yomwe ili ndi ofesi ku London, ndipo mupemphe kuti nthambi yawo yoyeretsa ya NCS iyambe yaliona lisanapatsidwe giredi.