Glock 43X patatha zaka ziwiri ili m'chiuno mwanga

Ndili ndi kakope kamene ndimalembamo zipolopolo zonse zimene zadutsa mu Glock 43X yanga. Pofika Loweruka lapitali zinakwana 2,340. Pa zonsezi mfuti inaima katatu kokha, ndipo katatu konseko ndikudziwa chimene chinachititsa. Ndayamba ndi kope dala, chifukwa anthu ambiri akamafunsa za mfuti yaing'ono yodzitetezera amafunsa za kulemera, mtengo ndi maonekedwe, koma funso limene limasowetsa tulo ukakhala nayo ndi lakuti: tsiku limenelo likadzafika, idzalira kapena idzandichititsa manyazi?

Ndimakhala kum'mwera kwa Johannesburg ndipo ndimakonza mafiriji akuluakulu a m'mashopu. Firiji ya nyama siyang'ana wotchi. Ikafa 11 koloko usiku, mwini butchala amaimba foni akunjenjemera, iwe n'kudzuka, kunyamula zipangizo, ulendo. N'chifukwa chake ndinafuna mfuti. Kwa abale amene mwabwera kumene ku Joni, ndinene mosapsatira: lamulo la kuno, Firearms Control Act ya 2000, limalola nzika kapena munthu wa chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, wa zaka 21 kupita m'tsogolo. Umayamba maphunziro, kenako satifiketi ya competency kupolisi (yotsimikiza kuti ndiwe woyenera kukhala ndi mfuti), kenako laisensi, ndipo kunyumba pamafunika sefa yovomerezeka yomangirira kukhoma kapena pansi. Za mfuti zogulitsana kuseri kwa shebini ndemanga ino sikuzikhudza, imeneyo ndi njira ya kundende.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti Section 13, gawo la kudziteteza, limakupatsa mfuti imodzi basi. Pa gawo limeneli sungakhale ndi ziwiri n'kumati ikavuta iyi nditenga iyo. Ukasankha molakwika wadzimangirira, pakuti kusintha kumafuna kugulitsa yakaleyo, kulemba mafomu atsopano ndi kudikira miyezi.

Ine ndinasankha molakwika poyamba. Ndinagula kamfuti kogwiritsidwapo kale ntchito ka 9mm Short, kamene Amereka amati .380. Dzina la kampani ndilisiya, chifukwa mwina vuto linali la kamfuti kanga kokhako ndi mmene mwini wake woyamba anakasamalira. Kanali kokongola, kopepuka, kobisika bwino pansi pa malaya. Ulendo wachitatu ku range, malo oyeserera kuwombera, chipolopolo chachinayi, ndinakoka trigger (kokokera ndi chala powombera) n'kumva zii. Nditayang'ana, khoko la chipolopolo chowombedwa kale linali litaima chilili pakamwa pa slide (chitsulo cha pamwamba pa mfuti choyenda kutsogolo ndi m'mbuyo) ngati chumuni cha kukhitchini. Mphunzitsi anangoti ndimenye magazini (kabokosi ka zipolopolo) pansi, ndikoke slide, ndipitirize. Ndinatero. Magazini yotsatira, chipolopolo chinakakamira pakhomo pa mpope, theka mkati theka kunja. Ndinakatsuka, ndinasintha masipuling'i, ndinasintha mtundu wa zipolopolo. Kamachita bwino masabata angapo, kenako kayambiranso.

Apa ndi pamene ndinaphunzira mmene kukayika kumagwirira ntchito. Palibe tsiku limene ndinanena kuti lero ndasiya kunyamula mfuti. Zinangoyamba pang'onopang'ono. Lero kwatentha, ndiisiye. Mawa ndikungopita pafupi, ndiisiye. Usiku wina ndikuvala nsapato pakhomo mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Bambo, ndalama zonse zija munaonongera chinthu chongogona m'sefa?" Ndinasowa poyankha. Zoona zake n'zakuti mumtima ndinkaopa kuitulutsa pamaso pa chigawenga n'kumva zii uja, chifukwa ukaonetsa mfuti yosalira wadziikira wekha chingwe m'khosi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wanga anali kunyumba, m'bokosi lachitsulo, kuseri kwa wadirobu.

Posankha yachiwiri ndinafatsa. Ndinawerenga mbiri ya mfuti zing'onozing'ono zimene zinatuluka ndi phokoso. Remington R51 inatuluka mu 2014 ndipo chaka chomwecho kampani inaimitsa n'kuitanitsa zimene zinagulidwa, mpaka kudzaibweretsanso mu 2016. SIG Sauer inalengeza mu August 2017 kuti eni P320 atha kutumiza mfuti zawo kuti zikasinthidwe zina mkati, zitamveka kuti imatha kulira ikagwa pansi mwa njira ina yake. P365 ya kampani yomweyo, imene mu 2018 inadabwitsa anthu polowetsa zipolopolo 10 m'kamfuti kakang'ono zedi, nayo inadandaulidwa m'miyezi yoyamba pa nkhani ya striker, kachitsulo komenya chipolopolo, kampani isanaisinthe. Lero anthu ambirimbiri amainyamula P365 ndipo amaikhulupirira. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti mtundu watsopano ndi bwino kuusiya kaye kuti anthu ena auyese chaka chimodzi kapena ziwiri. Munthu wa mfuti imodzi sayenera kukhala woyesera.

Glock 43X inatuluka mu 2019, koma si yachilendo kwenikweni. Slide yake ndi ya msinkhu wa Glock 43 ya 2015, kungoti chogwirira anachitalikitsa kuti mulowe magazini ya zipolopolo 10 m'malo mwa 6. Ndi 9mm yeniyeni, mpope wake ndi mamilimita 87, ndipo ikadzaza imalemera pafupifupi magalamu 650. Ndi yopyapyala kuposa Glock 19, imene ndinaiyesanso n'kuikonda pa kawombedwe koma inkandibaya m'nthiti ndikagwada kuseri kwa firiji. Ntchito yanga ndi yowerama ndi kukwawa, ndiye kupyapyalako kwa ine si nkhani ya fashoni.

Chogwirira chachitalicho ndiye chinandigula mtima. Pa kamfuti kanga kakale chala chaching'ono chinkalendewera m'malere. Pa iyi zala zonse zimapeza pokhala, ndipo zimenezi zimakhudza kudalirika kuposa mmene ndinkaganizira. Mfuti yamtunduwu imadzitsegula ndi kudzitseka yokha ndi mphamvu ya chipolopolo: slide ibwerere m'mbuyo, itaye khoko, itole china. Kuti zitheke pamafunika dzanja lolimba loti slide ikankhirepo. Mfuti ikachepa, slide imapepuka, mtunda woyenda umafupika, sipuling'i imalimba, ndipo mpata wolakwitsa umachepa. Ukagwira molobodoka, mphamvu ija imathera m'dzanja lako, slide sifika kumapeto, khoko n'kutsalira.

Kuima koyamba mwa katatu kaja kunali kumeneko. Ndinkayeserera kuwombera ndi dzanja lamanzere lokha, nditatopa, chakumapeto kwa tsiku. Ndinagwira ngati ndagwira dzira, khoko n'kukodwa. Mlandu wanga. Kuwiri kwinako kunachitika tsiku limodzi, ndi magazini yachitsulo ya kampani ina imene imalonjeza zipolopolo 15 m'malo a 10. Mnzanga anandibwereka, ine dyera n'kundigwira. Ndinam'bwezera madzulo omwewo. Ena amati kwa iwo imayenda bwino, sindikutsutsa, koma ine ndinabwerera ku magazini zake zenizeni ndipo chiyambire sindinaonenso vuto. Zipolopolo 10 zimene ndikudziwa kuti zituluka zimandikwanira.

Palinso kachinthu kena kamene poyamba ndinkayesa vuto la mfuti. Zipolopolo zikatha, slide imayenera kutsalira m'mbuyo. Kwa ine nthawi zina inkangotseka. Mphunzitsi ataima pambali panga anaona kuti chala changa chachikulu chinkagona pa kabatani kogwira slide. Ndinasuntha chala pang'ono, nkhani inatha. Pa mfuti yopyapyala manja aakulu amakhudza paliponse.

Pa zipolopolo ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ambiri timadzinamiza. Ku range timawombera za mutu wobulungira, zotsika mtengo, monga za PMP za konkuno kapena Sellier & Bellot za ku Czech Republic, ndipo zonsezi zadutsa mu yanga popanda chovuta. Koma zimene timanyamula tsiku ndi tsiku ndi za mutu wa dzenje, hollow point, ndipo mutu wake ndi wosiyana, umakwera mosiyana polowa mumpope. Mfuti imene yameza 1,000 zobulungira sinakuuze kanthu za zadzenjezo. Ndinaluma mano n'kuwombera 150 za mtundu umene ndimanyamula, za mutu wolemera 124 grain, kudzera m'magazini onse atatu amene ndili nawo. Thumba linalira, pakuti n'zodula kwambiri, koma kuyambira tsiku limenelo ndi pamene ndinayamba kuvala holster (chikwama cha mfuti cha m'chiuno) popanda kuganiza kawiri. Lamulo limalola kusunga zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti ya laisensi yotere, ngakhale zimene wagula ndi kuwombera pa range yovomerezeka pomwepo siziwerengedwa. Ndiye kuyesa kwambiri kumachitikira kumeneko.

Zosandisangalatsa zilipo, ngakhale si zowonongeka. Imakankha m'manja kuposa mfuti yaikulu, ndipo ukawombera 100 motsatizana chikhatho chimadziwa. Zoyang'anira zake zapulasitiki ndinazisintha n'kuika zachitsulo zowala mumdima, popeza ntchito zanga zambiri n'zausiku. Ilibenso kabatani kotsekera ndi chala chachikulu. Zotetezera zake zitatu zili pa trigger ndi mkati, ndipo zimamasuka ukakoka trigger basi. Choncho holster yolimba yophimba trigger yonse si chinthu chokambirana. Za nsalu zofewa zija, kapena kuisomeka m'lamba ngati m'mafilimu, ayi. Ndiponso lamulo la kuno limafuna kuti pagulu ikhale mu holster kapena chonyamulira chake ndipo ikhale yobisika kwathunthu.

Chimene sindinkayembekezera ndi litsiro. Mfuti yokhala m'chiuno imatola zinthu ngakhale usanawombere n'kamodzi komwe. Nditaitsegula patatha mwezi wa August, nthawi ya mphepo ndi fumbi la kuno, ndinapeza timaulusi ta malaya tapota kuseri kwa slide ngati chisa cha mbewa, ndi mchere wa thukuta pa zoyang'anira. Tsopano Lamlungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi ndimachotsa magazini, kuonetsetsa kawiri kuti mumpope mulibe kanthu, kuipukuta, kuika timadontho tochepa ta mafuta. Mafuta ambiri ndiwo amaitana fumbi. Nthawi zina ndimapita nayo ku range dala osaitsuka, mmene yakhalira m'chiuno milungu itatu, kuti ndione ngati magazini yoyamba ituluke yonse. Mpaka pano yakhala ikutuluka.

Sindinaitulutsepo pa munthu, ndipo ndimapemphera kuti zikhale choncho mpaka ndidzapume ntchito. Mfuti si ya kuthamangitsira wakuba foni, ndi ya pamene moyo uli pachiswe. Kwa amene ali ndi manja aakulu kwambiri kapena amene sadzakhala ndi nthawi yopita ku range, ndinganene kuti ayambe ayesa Glock 19 kapena Glock 48, zimene zimakhululuka msanga. Kwa ine 43X yachita chimene yoyamba ija inalephera, ndicho kutuluka m'sefa tsiku lililonse. Laisensi ya Section 13 imakhala zaka 5, ndipo pempho loikonzanso limayenera kulowa kusanatsale masiku 90 kuti ithe. Tsiku limenelo ndalilemba pachikuto cha kope lija, pamwamba pa mzere wa sipuling'i yatsopano imene ndikufuna kuika zipolopolo zikakwana 3,000.