Dead Cells imapha, koma siyibera munthu

Ndakhala ndikusewera Dead Cells kwa nthawi ndithu ndipo ndafuna ndinenepo maganizo anga, makamaka kwa inu amene mumaiona pa mndandanda wa magemu n'kumakayikira poti mwamva kuti ndi yovuta. Kuvuta ndi yovutadi, sindinama. Koma mwa magemu onse a mtundu umenewu omwe ndagwirapo, iyi ndi imodzi mwa ochepa omwe ukafa umadziwa bwinobwino chomwe chakupha, ndipo nthawi zambiri chimakhala chala chako chomwe chachedwa kapena dyera lako lomwe lakukankha, sikuti gemu yakuchita chinyengo.

Anaipanga ndi a Motion Twin, kagulu kakang'ono ka ku Bordeaux ku France komwe antchito ake ndi eni ake a kampaniyo limodzi, palibe bwana wapamwamba. Inayamba kugulitsidwa isanamalizidwe mu 2017, anthu akusewera n'kumapereka maganizo, kenako inatuluka yathunthu mu August 2018 pa kompyuta, PlayStation 4, Xbox One ndi Switch, ndipo chaka chomwecho inapambana mphoto ya gemu yabwino koposa yomenyana ku The Game Awards. Pa foni inabwera pambuyo, iOS mu 2019 ndi Android mu 2020.

Kaseweredwe kake n'koti munthu wako umamuona cham'mbali, akuthamanga kumanja kapena kumanzere, kudumpha, kukwera, kutsika. Iwe ndiwe kachinthu kobiriwira kokhala ngati ndere komwe kamakwawa n'kulowa m'thupi la mkaidi wodulidwa mutu, basi thupilo n'kudzuka. Salankhula munthuyu, amangogwedeza mapewa kapena kuloza ndi chala, koma umamumva. Uli pa chilumba chomwe chinawonongeka ndi mliri wotchedwa Malaise, mfumu inalamula zinthu zankhanza pofuna kuuthetsa, ndipo nkhani yonseyi sakuuza mwachindunji ayi, umangoitola pang'onopang'ono m'tizipinda tomwe umapezamo kalata, mtembo, kapena zolemba pakhoma. Ukafa umabwerera koyambirira penipeni, ku ndende yotchedwa Prisoners' Quarters, zida zonse zapita, ndipo njira zasintha chifukwa gemu imasanja zipinda mwatsopano ulendo uliwonse.

Masiku oyamba chimenechi chinkandiwawa kwambiri. Wayenda mphindi 40, wapeza lupanga lomwe lakukwana m'manja, wadutsa bosi (chimdani chachikulu) woyamba, kenako kamdani kamodzi koponya mivi kakumaliza uli pa changu, ndiye uli poyambira ndi lupanga ladzimbiri lija komanso kusankha pakati pa uta wamba ndi chishango cha thabwa. Ndinkazimitsa n'kunena kuti basi ndaleka, koma patapita ola ndayatsanso, ndipo chomwe chinkandibweza ndi mmene munthuyu amamvera batani. Ukadina kugubuduka amagubuduka pompo, ndipo pa kanthawi kogubudukako mdani sangakuvulaze, ndiye umadutsa m'kati mwa nkhonya yake n'kutulukira kumbuyo kwake. Ukamenya, chida chilichonse chili ndi kulemera kwake, mpeni umathamanga, nyundo imachedwa koma ikafika imamveka mpaka m'zala. Adani ambiri asanamenye pamutu pawo pamatuluka kachizindikiro kochenjeza, ndiye palibe zoti sindinaone. Unaona, unangofuna kuwonjezera kumenya kamodzi.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe ndimakakonda zedi. Ukamenyedwa, gawo la moyo lomwe lachoka silipita nthawi yomweyo, limakhala kaye la mtundu wa lalanje kwa kanthawi, ndipo ukabwezera mdani msanga umabwezako ena mwa moyowo. Zikutanthauza kuti pomwe mtima ukukuuza kuti thawa, gemu ikukuuza kuti limba, lowa. Kanthu kameneka kanasintha kasewere kanga konse.

Umanyamula zida ziwiri ndi maluso awiri, monga mabomba, misampha kapena makina oponya mivi omwe umaika pansi n'kumakuthandiza. Zonsezi zili ndi mitundu itatu, Brutality yofiira, Tactics yapepo ndi Survival yobiriwira. M'njira umapeza mipukutu ya mphamvu ndipo uliwonse umakufunsa kuti ukweze mtundu uti, mpukutu umodzi umawonjezera 15% pa kupweteka kwa zida za mtundu umenewo komanso moyo pang'ono. Apa ndi pomwe ambiri oyamba kumene amalakwitsa, nanenso ndinalakwitsa kwa nthawi yaitali, ndinkagawa mofanana kuti pasakhale wodandaula, kofiira kamodzi, kapepo kamodzi, kobiriwira kamodzi, mapeto ake ukafika kutsogolo lupanga lako limangokanda adani pomwe iwo akukuthyola ndi nkhonya ziwiri. Sankhani mtundu umodzi anzanga, muumirire pomwepo, zida ndi ma mutation anu (timphamvu tapadera tomwe mumasankha pakati pa madera) zitsatire mtundu umenewo. Gemu siikuuza zimenezi momveka bwino ndipo ndikuona kuti apa anafunika kufotokozako pang'ono.

Tsiku lomwe ndinamvetsa gemuyi ndimalikumbukira, linali la bokosi lotembereredwa. Mabokosi amenewa amakunyengerera kuti uwatsegule, ndipo ukatsegula umapeza mpukutu wa mphamvu, chida chabwino ndi golide, koma umatenganso temberero loti ukangokhudzidwa kamodzi kokha wafa, mpaka utapha adani 10. Ndinatsegula ndili ndi msampha wa nkhandwe uja womwe umagwira mdani mwendo, ndi uta. Kuwerenga kunali pamutu pa munthu wanga, 10. Ndinayamba kuyenda ngati mbala, kuima pamwamba pa khoma kudikira mdani atembenuke, kuponya msampha, kulasa ndili patali, 9, 8, manja atuluka thukuta kontolola ikuterera. Nditafika pa 2 ndinaona adani awiri ataima pamodzi pansi, mmodzi wa chishango wina woponya mabomba, ndipo ndinakhala pamwambapo mwina mphindi yathunthu osadina kanthu, ndikungowayang'ana mmene akuyendera, uyu akafika apa amabwerera, uyu akandiona amaponya. Nditatsika ndinawamaliza onse osakhudzidwa. Adani omwewo ndinali nditawapha kambirimbiri mwachisawawa, koma tsiku limenelo ndi pomwe ndinawaona koyamba mmene amamenyera.

Chosangalatsa n'choti gemu yomweyi imakukokeranso mbali ina. Pakati pa madera pali zitseko za mphoto, china chimatseguka ukafika msanga, choyamba chimafuna kuti utuluke m'ndende muja mphindi 2 zisanakwane, china chimatseguka ukapha adani ambiri motsatizana osamenyedwa, 30 m'ndende momwemo. Ndiye ulendo uliwonse umadzifunsa, ndithamange kapena ndifufuze ngodya iliyonse. Ine ndinaona kuti kufufuza kumapindulitsa kwambiri chifukwa mipukutu yomwe waisiya m'mbuyo siibweranso, koma pali masiku omwe dzanja lili bwino, wapha adani angapo mofulumira munthu wako wayamba kuthamanga kwambiri, ukuphwanya zitseko adani n'kuzunguzika, ndipo kuima kumakhala kosatheka.

Nanga ukafa chimatsala n'chani? Adani amagwetsa timaselo tabuluu ndipo ukamaliza dera umatipereka kwa Collector, chimunthu chachitali chomwe chimakudikira pakati pa madera. Iye ndi amene amakutsegulira zinthu zokhalitsa, botolo la mankhwala loti uzimwa kangapo, zida zatsopano, golide wina woti azitsala ukafa. Mapulani a zida omwe watola nawonso umayenera kuwafikitsa kwa iye, ukafera m'njira apita limodzi ndi maselo onse omwe unali nawo. Palinso ma rune omwe ukawapeza ndi ako mpaka kale, wina umameretsa chingwe cha mtengo chokwerapo ndipo ndi umene umakutsegulira njira ya ku Toxic Sewers, wina umakulola kuswa pansi, wina kukwera makoma ngati kangaude. Awa ndi omwe amapangitsa kuti chilumba chizikula, malo omwe unkangowadutsa osadziwa kuti pali njira tsiku lina umalowamo.

Koma apa ndi pomwe ndili ndi dandaulo langa lalikulu. Maselo ofunika kuti utsegule zinthu ndi ambiri, ndipo pali nthawi ina pakati pomwe umangobwereza madera omwewo kuti utolere, osati chifukwa ukufuna. Prisoners' Quarters ndaiona kambiri moti ngakhale zipinda zisinthe maso anatopa nayo. Chinanso, chida chilichonse chomwe watsegula chimalowa m'gulu la zomwe zingakugwere, ndiye ukatsegula zambiri zomwe suzikonda mwayi wopeza chomwe umachikonda umachepa. Custom Mode imathandiza poti umatha kuchotsa zina, koma woyamba kumene sadziwa zimenezi, amangotsegula chilichonse mosangalala.

Mabosi ndi abwino. Concierge pa Black Bridge ndi mphunzitsi weniweni, amadumpha kukugwera, amatumiza moto woyenda pansi womwe umayenera kuudumpha, ndipo ukamudziwa amakhala wosavuta. Time Keeper ndi wothamanga koopsa, amakukoka ndi unyolo ndipo akakugwira umamva. Hand of the King ndi amene anandisunga nthawi yaitali, ndipo nditamugonjetsa ndinkaganiza kuti ndamaliza gemu, osadziwa kuti ndangotsegula chitseko. Amakupatsa Boss Stem Cell, ukaiika pa makina a koyambirira kuja gemu yonse imalimba, ndipo zimakwera choncho mpaka 5. Adani atsopano amayamba kupezeka m'madera oyambirira, malo odzaziramo botolo la mankhwala amachepa, kumtunda kwenikweni adani amakutsatira kulikonse ndipo mliri uja umayamba kukulowa iwenso. Kudumpha kuchoka pa mlingo wina kupita wotsatira nthawi zina n'kwakukulu mopyola, ndipo ndikudziwa kuti anthu ambiri amasiyira pamenepo. Kwa ine apa ndi pomwe ndinakakamizika kuphunzira chishango, chomwe poyamba ndinkachinyoza. Ukadina pa nthawi yake yeniyeni umabweza nkhonya, mdani amazunguzika, muvi kapena bomba limabwerera kwa mwini wake, ndipo ukazolowera sufunanso kuyenda wopanda chishango.

Mu 2022 anawonjezera Assist Mode, momwe umatha kuchepetsa mphamvu za adani, kuchepetsa kupweteka kwa misampha, kapena kupitiriza pa dera lomwe wafera m'malo mobwerera koyamba. Ena amaiona ngati kubera koma ine sindigwirizana nawo. Pali anthu omwe manja awo sathamanga, pali ena omwe nthawi yawo yosewera ndi yochepa, ndipo ndi bwino aone High Peak Castle, nyumba ya mfumu ya chakumapeto kwa gemu, ndi maso awo kusiyana n'kuti asiyire pa bosi woyamba.

Za maonekedwe sindichulukitsa, ndi timadontho ta pixel koma kayendedwe kake n'kosalala chifukwa anthu ndi adani anayamba awapanga mu 3D kenako n'kuwasandutsa pixel. Dera la Ramparts dzuwa likulowa kumbuyo kwa nsanja ndi malo omwe mpaka pano ndimaimako pang'ono. Vuto limabwera pomwe moto, poizoni, magazi ndi mabomba zadzaza sikirini nthawi imodzi, kachizindikiro kochenjeza kaja kamabisika, ndipo imeneyi ndi imfa yokhayo yomwe ndinganene kuti siinali yanga ndekha.

Zowonjezera zilipo zingapo, ndipo kuyambira 2019 ntchito yosamalira gemuyi inali m'manja mwa kampani ina yotchedwa Evil Empire. Rise of the Giant ya 2019, The Bad Seed ya 2020, Fatal Falls ya 2021, The Queen and the Sea ya 2022 ndi Return to Castlevania ya 2023. Langizo langa n'loti musathamangire kugula zonse, yambani ndi gemu yeniyeniyo, mukaona kuti madera oyambirira ayamba kukutopetsani tengani The Bad Seed chifukwa imakupatsani njira ina kuyambira koyambirira, ndipo dandaulo langa lobwereza lija imalichepetsa ndithu. Update yomaliza inatuluka mu August 2024, ndiye yomwe mugule lero ndi yathunthu, siisinthanso pansi pa mapazi anu.

Pa foni imayenda, ndipo pali njira yoti munthu wako azimenya yekha mdani akayandikira, koma mabatani a pagalasi ndi gemu yofuna kugubuduka pa kamphindi kenikeni sizigwirizana kwenikweni, chala chimaphimba pomwe ukufuna kuona. Ngati muli ndi kontolola ilumikizeni, kaya ndi pa foni kaya pa kompyuta. Intaneti siifunika kuti musewere, ndipo ulendo umodzi wathunthu umatenga cha m'ma ola limodzi, mukhozanso kuusiyira pakati n'kudzapitiriza.

Ngati mumafuna gemu yoti ikufotokozereni nkhani mwadongosolo, kapena kutaya zomwe mwatolera kumakupsetsani mtima mpaka tsiku lonse kuwonongeka, iyi mwina si yanu, kapena muyambe ndi Assist Mode osachita nayo manyazi. Koma ngati mumakonda kumva dzanja lanu likukula, itengeni. Ine pano Concierge yemwe ankandipha kasanu motsatizana ndimamudutsa osamwa botolo ngakhale kamodzi, nthawi zina ndi lupanga ladzimbiri lomwe lija, ndipo madzulo ano ndikufuna ndiyesenso mlingo wachitatu ndi zida za Survival, chishango kudzanja lina.