Aladdin wa Sega ndi Aladdin wa Nintendo: Mwana Ayambe ndi Uti?

M'chaka cha 1993 munatuluka magemu awiri osiyana okhala ndi dzina limodzi, onse otengedwa ku filimu ya katuni ya Disney yotchedwa Aladdin, yomwe inatuluka mu 1992. Yoyamba inakonzedwa ndi kampani ya Virgin Games kuti iziseweredwa pa makina a Sega Mega Drive, amene ku America amawatcha Genesis, ndipo inayo inakonzedwa ndi kampani ya Capcom ya ku Japan kuti iziseweredwa pa Super Nintendo. Mpaka lero anthu amene anakula nazo amakangana kuti yabwino ndi iti. Ine funso langa ndi losiyanako pang'ono: ngati muli ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, ndi iti imene mungayambe kumupatsa?

Pa nkhani ya maonekedwe, ya Sega ilibe mnzake. Zithunzi zake zinajambulidwa pamanja ndi akatswiri a katuni a Disney eni ake, kenaka n'kuzilowetsa mu kompyuta, motero Aladdin akamathamanga mumsika wa Agrabah buluku lake limakupiza ngati mmene zilili mu filimu. Mlonda ukamugenda ndi apozi, buluku limamuvuka n'kutsala ndi kabudula wamkati, ndipo ngamila ukaiponda pamsana imalavula. Mwana wa mchemwali wanga ataona za mlondazo anaseka mpaka kugwetsa chowongolera, ndipo anabwerera pamalo omwewo kangapo kuti aonenso. N'zosadabwitsa kuti gemuyi inagulidwa makope pafupifupi 4 miliyoni.

Koma kukongola ndi kwina, kumvera dzanja la mwana ndi kwinanso. Mu gemu ya Sega, Aladdin ali ndi lupanga, ndipo chifukwa chakuti zithunzi zake ndi zikuluzikulu komanso zoyenda mwamyaa, nthawi zina n'kovuta kudziwa ngati lupangalo lamufika mdani kapena ngati phazi lifike pamwala umene ukufuna kuterapo. Mphamvu za Aladdin zimaoneka ngati utsi wotuluka mu nyale, womwe umafupika akavulala, ndipo mwana wamng'ono sazindikira msanga kuti utsiwo watsala pang'ono kutha. Choipitsitsa n'chakuti gemuyi pa makina ake oyambirira inalibe njira yosungira pamene wafika. Ukazimitsa, kapena magetsi akathima, mawa umayambiranso kumsika.

Ya Capcom, imene anaitsogolera Shinji Mikami asanatchuke ndi gemu ya Resident Evil, inatenga njira ina. Kuno Aladdin alibe lupanga. Amagonjetsa adani powalumphira pamutu, amalendewera pamitengo yotuluka m'makoma, amagwira m'mphepete mwa khoma akaperewera pang'ono polumpha, ndipo akapeza kansalu amakatambasula pamwamba pa mutu wake kuti atsike pang'onopang'ono. Kansaluka ndi kamene kamandichititsa kuikonda gemuyi, chifukwa kamamupatsa mwana kamphindi kokonza cholakwa chake ali m'malere, m'malo mongogwera m'dzenje. Maapozi amangomuziziritsa mdani kwakanthawi. Mphamvu zimaonetsedwa ndi timitima toti mwana akhoza kuwerenga ndi chala. Ndipo pakutha pa gawo umapatsidwa chizindikiro cha nkhope zinayi za anthu a mu nthanoyi, monga Genie, Jasmine, Jafar kapena pusi uja Abu, choti ukachilowetsa mawa upitirize pomwe unalekeza. Mphwanga uja, amene panthawiyo anali asanadziwe bwino kuwerenga, ankaziloweza nkhopezo pamtima n'kumazitchula ngati nyimbo ya kusukulu. Mulinso gawo lina lopanda mdani ngakhale mmodzi, pamene Aladdin ndi Jasmine amangouluka pa kalipeti usiku n'kumatola miyala yamtengo wapatali.

Zonse ziwiri zili ndi gawo lothawa m'phanga pa kalipeti, chiphalaphala chamoto chili m'mbuyo, ndipo pamenepo mwana adzafuna thandizo la wamkulu mosasamala kanthu kuti wasankha iti. Ndichenjezenso za gemu ya The Lion King ya 1994, yomwe makolo ambiri amaithamangira chifukwa cha Simba: gawo lake lachiwiri, la apusi okuponyerana m'mitengo ndi kukwera nthiwatiwa, lagonjetsa akuluakulu ambiri, ndipo si poyambira pabwino.

Chimene chimandikopa pa magemu akalewa n'chakuti ndi athunthu. Safuna intaneti, samutulutsira mwana zotsatsa malonda, ndipo samuuza kuti alipire ndalama kuti apitirire. Mabatani ndi ochepa, kolowera n'kodziwika, ndipo munthu amene akumuyendetsa amamudziwa kale kuchokera pa kanema, choncho safunika kumufotokozera chifukwa chake Jafar ali woipa.

Wofuna kuzipeza lero asamale posankha. Mpukutu wa 2019 wotchedwa Disney Classic Games: Aladdin and The Lion King uli ndi Aladdin wa Sega koma mulibe wa Capcom. Wa Capcom anawonjezedwa mu 2021 mu Disney Classic Games Collection, pamodzi ndi The Jungle Book, ndipo mpukutuwu umapezeka pa Nintendo Switch, PlayStation 4, Xbox One ndi pakompyuta. Mipukutu yonseyi imalola kusunga pamene wafika ndi kubweza nthawi m'mbuyo ukalakwitsa, zomwe zimachepetsa kwambiri vuto la ya Sega lija. Ngakhale zili choncho, kwa mwana woyamba kumene ine ndingamupatse ya Capcom, ndipo ya Sega ndingamusungire mpaka zala zake zitazolowera kulumpha, mwina akafika zaka zisanu ndi zinayi.