Ghost in the Shell pa PSP: ndinagulira kuombera, koma wandisunga ndi Tachikoma

Patha miyezi itatu chigulireni gemu imeneyi, ndipo ndaimaliza kawiri. Ndinaigula pamodzi ndi PSP yakale (kamakina ka m'manja kosewerera magemu ka kampani ya Sony), ija yoyamba yonenepa, kwa mnyamata wina wogulitsa zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito. Kachimbale kake ka UMD kanali kokandika pang'ono pamwamba koma kamawerenga bwinobwino. Batire ndiye inali itatupa, moti ndinachita kugula ina musanathe mlungu. Amene mukufuna kugula PSP yakale, tsegulani kaye kumbuyoko muone batire musanapereke ndalama.

Dzina lake lonse ndi Ghost in the Shell: Stand Alone Complex, ndipo inatuluka mu 2005, PSP idakali yatsopano pamsika. Anaipanga ndi a G-Artists a ku Japan. Musaisokoneze ndi ina ya dzina lomweli ya pa PlayStation 2 imene inatuluka mu 2004. Mu imeneyo munthu amene ukumuyendetsayo umamuona thupi lonse kuchokera kumbuyo, pamene muno ukuona ndi maso ake, patsogolo pako pali mfuti basi. Nkhani yake inachokera ku makatuni a ku Japan amene situdiyo ya Production I.G inayamba kuonetsa mu 2002 motsogozedwa ndi Kenji Kamiyama. Ine makatuniwo ndinawaonera zigawo zonse 26 za gawo loyamba, ndipo n'chifukwa chake nditangoona chikuto cha gemuyi sindinanenerere mtengo nthawi yaitali.

Kwa amene simunaonereko, nkhaniyi imachitika ku Japan cha m'ma 2030, nthawi imene anthu ambiri ali ndi ubongo wolumikizidwa ku makina ndipo ena thupi lonse ndi lochita kupanga. Section 9 ndi kagulu kachinsinsi ka boma kolimbana ndi zigawenga komanso akuba a pa intaneti, ndipo mkulu wake ndi mdala Aramaki. Mu gemuyi kaguluka kakufufuza za lipoti lina lachinsinsi lotchedwa H-88, ndipo kafukufukuyo amakafikitsa kumpoto kwenikweni, mumzinda wa Berutarube. Monga mwa chizolowezi cha makatuniwo, nkhani ndi yolukanalukana, yodzaza ndale ndi zokambirana zitalizitali. Ukangoyang'ana kumbali pamene Aramaki akufotokoza ntchito, umapezeka ukuombera anthu osadziwa kuti alakwa chiyani. Ine ndinaimvetsa bwino ulendo wachiwiri, nditavala mahedifoni.

Musanayambe ntchito iliyonse mumasankha mmodzi mwa anthu anayi a kaguluka: Motoko Kusanagi, Batou, Togusa kapena Saito. Apa ndinayembekezera zambiri kuposa zimene ndinapeza. M'makatuni anthuwa ndi osiyana kutalitali. Togusa anali wapolisi wofufuza milandu, ali ndi banja, ndipo thupi lake n'lachibadwa pafupifupi lonse. Saito ndi katswiri woombera patali. Batou ndi chimphona cha maso ochita kuikirira. Koma ukawagwira m'manja kusiyanako kumachepa kwambiri, ndipo mapeto ake ndinkangotenga Batou chifukwa chomukonda.

Vuto lalikulu lili m'zala. PSP ili ndi kandodo kamodzi kokha koyendetsera, kakang'ono ngati batani la malaya, kumanzere m'munsi. Gemu yoombera imafuna tiwiri, kena koyendera kena koyang'anira. Ndiye ine ndimayenda ndi kandodoko, n'kumatembenuza mutu ndi mabatani anayi a kudzanja lamanja aja, chala cholozera chili pa batani la pamwamba loombera. Batani silidziwa pang'ono. Ukalidina mutu umatembenuka, ukalisiya umaima, ndiye mdani akakhala pakhonde la m'mwamba umamupitirira, kubwerera, kumupitiriranso, iye akukuthira zipolopolo. Masiku atatu oyamba chala changa chachikulu cha kumanzere chinkachita dzanzi pakangotha theka la ola, ndipo tsiku lina ndinaiika PSP m'kabati ndili ndi maganizo oigulitsa. Dzanja limazolowera ndithu, koma ngakhale lero sindinganene kuti kulozetsa mfuti muno kumakoma. Amene munazolowera mbewa ya kompyuta kapena tindodo tiwiri ta PlayStation, mudziwiretu zimenezi.

Chinandibweza ndi Tachikoma. Awa ndi akasinja ang'onoang'ono obiriwira ngati thambo, ooneka ngati kangaude, a miyendo inayi yokhala ndi matayala kunsi, manja awiri kutsogolo ndi chibokosi kumbuyo. Amaganiza okha, ndipo amalankhula ndi mawu a kamwana kachidwi kofunsa chilichonse. Mu gemuyi sumapita kunkhondo wekha, umatengana ndi Tachikoma mmodzi, ndipo musananyamuke umamusankhira zida zoti anyamule. Pamenepa m'pamene ndimathera nthawi yambiri. Ndimakhala ndikusinthasintha, kumuika mfuti yolavula zipolopolo zambiri ndikadziwa kuti tikalowa m'tinjira topanikiza, kapena zida zolemera ndikamayembekezera kukumana ndi makina anzake. Aliponso angapo a makhalidwe osiyana, wina waphuma wongothamangira kumene kukumveka mfuti, wina wodekha.

Usiku wina magetsi atazima ndinali chigonere pamphasa, m'nyumba muli bii, kuwala kuli kwa sikirini yokha. Ndinali nditafika malo ena amene ndinali nditafapo kanayi. Moyo unali utatsala kadontho, ndabisala kuseri kwa chipupa, ndikumva mapazi akubwera. Ndisanaganize chochita, Tachikoma wanga anatulukira pakona, matayala ali kwiii, n'kuima pakati pa ine ndi adaniwo, uku akulankhula mosangalala ngati tikupita kukasewera mpira. Anawagwetsa onse. Ndinapezeka ndanena mokweza kuti "zikomo mwanawe", mpaka mkazi wanga anadzuka kufunsa kuti ndikulankhula ndi ndani. Amene anaonera makatuniwo akudziwa mmene Batou amakondera Tachikoma wake, mpaka kumupatsa mafuta achilengedwe m'malo mwa ochita kupanga. Usiku umenewo ndinamumvetsa Batou.

Sikuti nthawi zonse amachita zanzeru. Pena amakakamira pakhomo lopapatiza iwe uli kumbuyo kwake, njira yatsekeka, kapena amaima kutsogolo kwa mfuti yako pamene walozetsa bwino. Zimakwiyitsa, komabe kwa ine n'zopiririka poyerekeza ndi zimene amandichitira.

Adani ndiye alibe nzeru kwenikweni. Ambiri amangoima poyera n'kumaombera, ena amabwera molunjika ngati sakuona mfuti. Malo omenyeranapo nawonso amafanana kwambiri, makonde otuwa, nyumba zosungiramo katundu, makontena. Mzinda wa m'makatuni uja wodzaza anthu ndi magetsi sumaoneka mokwanira. Komabe tikakumbukira kuti ndi kasikirini ka mainchesi 4.3 ka mu 2005, nkhope za anthu ndi maonekedwe a Tachikoma anazijambula mwaulemu, ndipo munthu sungasokoneze Motoko ndi wina aliyense.

China chofuna kuleza mtima ndi kudikira. UMD ndi kachimbale kozungulira m'kati mwa PSP, ndipo ntchito iliyonse isanayambe umakamva kakulira, sikirini ili duu. Ukafa n'kuyambiranso, kudikiranso. Kuzungulira kumeneko kumadyanso batire. Ubwino wake ntchito zambiri ndi zifupizifupi, zotheka kumaliza uli m'basi kapena pamzere wa kubanki. Onetsetsaninso kuti muli ndi Memory Stick Duo, chifukwa popanda kakhadi kameneko simungasunge pamene mwafika.

Ili ndi mbali yoti anthu angapo azimenyana kudzera pa wayalesi ya PSP ali chifupi, popanda intaneti, koma aliyense amafunika makina ake. Masiku ano kupeza mnzako wa PSP yamoyo si chinthu chapafupi.

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ngati mukungofuna gemu yoombera yoyenda myaa m'manja, foni yanu ili ndi zabwino kuposa iyi, musataye ndalama. Koma ngati munaonera Section 9 ikugwira ntchito ndipo munalakalakapo kuyenda ndi Tachikoma pambali panu, ipezeni pamtengo wabwino, mupirire masiku atatu oyambawo. Panopa ndayamba ulendo wachitatu ndi Togusa, ndipo ndatenga Tachikoma waphuma uja kuti ndione ngati tingafike limodzi ku Berutarube.